Pinguicula yasiya ulimbo ndipo masamba akufota: yadwala kapena yangogona?

Chaka chilichonse Meyi akamatha, sipalephera kupezeka munthu wondionetsa chithunzi pafoni n'kufunsa kuti, "Achimwene, kachomera kanga kaja kogwira tintchentche kakufa, ndikathire chiyani?" Pachithunzipo pamakhala Pinguicula, chomera chodya tizirombo pokatigwira ndi ulimbo wa pamasamba, yomwe masamba ake aakulu achita chikasu, ena afota n'kumatirira padothi, pakati patangotsala kamulu ka timasamba tonenepa topanda ulimbo ngakhale dontho. Yankho langa limawakhumudwitsa. Ndimawauza kuti asathire kanthu, makamaka madzi.

Yanga yoyamba ndinaipha ndekha m'nyengo yomweyi. Ndinkaona ngati ili ndi ludzu, ndiye ndinkaithirira m'mawa ndi madzulo ngati mpiru wa kudimba. Pofika pakati pa Juni, nditaikhudza ndi chala, masamba onse anangoyoyokera m'manja. Kuyambira pamenepo, chomera chikasintha maonekedwe sindithamangira ndowa. Ndimayamba ndafunsa kuti tili mwezi wanji, kenako ndimayang'ana pamchombo pake, pomwe masamba atsopano amatulukira. Mavuto ambiri a Pinguicula muno mu Lilongwe amadziwika ndi zinthu ziwirizi.

Yambani ndi kalendala

Pinguicula zilipo mitundu yoposa 100, koma zomwe zimafika m'makonde mwathu kawirikawiri ndi zochokera ku Mexico, monga Pinguicula moranensis, Pinguicula esseriana ndi zina zosakaniza mitundu monga Weser ndi Sethos. Kwawoko zimamera m'mapiri, m'ming'alu ya miyala ndi m'maphompho, kumene mvula imagwa miyezi ingapo kenako n'kudula kwa nthawi yaitali. Moranensis imapezeka kuyambira pamtunda wa mamita 800 mpaka 3,200. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050, ndipo nafenso tili ndi miyezi ya mvula ndi miyezi yopanda mvula, choncho nyengo yathu si yachilendo kwenikweni kwa zomerazi.

Kuti zipulumuke chilala, zimakhala ndi masamba a mitundu iwiri pachaka. M'nyengo ya mvula zimatulutsa masamba ochepa, aakulu, opyapyala, onyezimira ndi ulimbo. A moranensis amatha kutalika pafupifupi masentimita 10. Kukayamba kuzizira ndi kuuma, masamba amenewa amafa limodzilimodzi, ndipo m'malo mwake mumabwera timasamba tambirimbiri tothithikana, tosunga madzi ngati ta khonje. Kamulu konseko kamangokhala masentimita 2 kapena 3 m'lifupi, koma mukati muwerenge timasambato mutha kufika 60 kapena kuposa. Sitigwira chilichonse chifukwa tilibe ulimbo. Mizu nayo yambiri imafa nthawi imeneyi. Ndiye taganizani, chomera chopanda mizu yomwera madzi, inu n'kumachikhazika m'matope usiku wozizira wa Julayi pamene kuno kumatsika kufika madigiri 10 kapena kucheperapo. Chimaola basi.

Pali msampha wina umene wakola anthu angapo omwe ndimawadziwa. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America, ndipo amati chomerachi chiumitsidwe kuyambira Novembala mpaka Malichi, chifukwa kwawoko ndiyo miyezi yozizira. Ena mwa ife timamasuliranso nyengo yawo yozizirayo kuti dzinja. Koma dzinja lathu ndi mvula ndi kutentha, nthawi yomwe Pinguicula ikufuna kumwa ndi kudya. Mukatsatira miyezi yawoyo mudzaimana madzi mu Januwale n'kuimiza mu Juni, kutembenuza zonse chadodolido. Kuno imagona kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, n'kudzuka kukayamba kutentha.

Ngakhale miyeziyi musaiike pamtima kwambiri. Chomera chomwe changofika kumene kuchokera kumaiko a kumpoto chimabwera ndi kalendala ya kwawo, ndipo chimatha chaka chisanazolowere yathu. Chochokera ku South Africa chimakhala kale pa nyengo yofanana ndi yathu. Lamulo langa n'lakuti masamba ndiwo alamule madzi. Pakatuluka masamba aulimbo, thirirani. Pakatuluka timasamba tonenepa, chepetsani mpaka dothi lizikhala louma pamwamba, n'kumangolinyowetsa pang'ono m'mbali mwa poto kamodzi pa masabata awiri kapena atatu. Musachikakamize kugona pochimana madzi chikadali ndi ulimbo, ndipo musachidzutse ndi madzi chikadali mtulo.

Pamchombo

Masamba akunja amanama. Tsamba lililonse la Pinguicula limakhala masabata angapo n'kufa, moti kuona awiri kapena atatu apansi atachita chikasu si nkhani. Zoona zimaoneka pakati. Ngati pamchombo pali pobiriwira, polimba, ndipo kansonga katsopano kakusuzumira, chomeracho chili moyo ngakhale kunjaku kukuoneka ngati kwapsa.

Choopsa ndi pamene zinthu zatembenuka, kunja kukongola pakati pakuda. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Nthenda yoola pamchombo imayambira pomwe masamba amalumikizana ndi tsinde, ndipo tsindelo ndi kanthu kakang'ono kwambiri, ngati kambewu ka mphodza. Limasanduka lofiirira ngati tiyi, kenako lakuda ndi lofewa. Masamba amakhala akuonekabe abwinobwino kumsonga, koma mukakoka limodzi limangochoka popanda kukana, ndipo kutsinde kwake kumakhala kodera m'malo moyera. Nkhungu ya m'dothi yotchedwa Fusarium ndi imodzi mwa zomwe zimayambitsa zimenezi, ndipo imakonda dothi lonyowa lopanda mpweya.

Muno ndaona nthendayi ikubwera kawiri pachaka. Koyamba ndi m'nyengo yozizira, pa chifukwa ndafotokoza kale. Kachiwiri ndi mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikamachita mvumbi masiku anayi kapena asanu osaona dzuwa, poto ali panja kapena pamalo pomwe madzi a padenga amadonthera. Madzi akakhazikika pamchombo usiku wonse kukutentha, m'mawa mwake zayamba. N'chifukwa chake ine sindithirira pamwamba. Ndimathira m'kambale ka pansi pa poto, madzi osapitirira sentimita imodzi, n'kudikira kuti kambaleko kaume tsiku limodzi kapena awiri ndisanathirenso.

Mchombo ukada, palibe mankhwala oubwezeretsa. Musataye nthawi. Thotholani masamba onse omwe kutsinde kwake kukadali koyera, muwaike padera, ndipo dothi lakalelo mulitaye kutali ndi zomera zina. Za masambawo ndinena kumapeto.

Ulimbo wasowa koma ndi dzinja

Apa ndiye pamafunika kufufuza. Tsamba la Pinguicula lili ndi tinthu tiwiri tosaoneka bwino ndi maso. Tina tili ngati timapini, ndipo kumsonga kwake kumakhala kadontho ka ulimbo kogwirira kachirombo. Tina tagona patsamba penipeni, ndipo timatulutsa madzi osungunula nyamayo. Chomera chimawononga mphamvu zambiri popanga ulimbo, choncho chikavutika ndi china chilichonse, choyamba kusiya ndi chimenechi.

Nthawi zambiri vuto limakhala kuwala. Pinguicula yoikidwa pakabati ya pabalaza kapena pathebulo la mu ofesi kutali ndi zenera imatulutsa masamba aatali, opyapyala, obiriwira motuwa, olendewera, ndipo mukawakhudza amakhala ouma ngati pepala. Isunthireni pomwe dzuwa la m'mawa limafika maola awiri kapena atatu, monga pazenera kapena pakhonde loyang'ana kum'mawa. Masamba akalewo sadzasintha, musawadikire. Yang'anani atsopano. Akatuluka aafupi, olimba, ndi mame ake, mwapeza malo. Mitundu ina imachita kufiira ngati duwa ikalandira kuwala kokwanira, ndipo anthu amachita mantha poganiza kuti yapsa. Kupsa kwenikweni kumaoneka mwina: tsamba limayera ngati lathiridwa jiki, kenako m'mphepete mumauma n'kumathetheka.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti dzuwa la Lilongwe limasuntha. Tili pa madigiri pafupifupi 14 kumwera kwa equator, ndiye limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, kumapeto kwa Okutobala ndi cha pakati pa Febuluwale. Mu Juni limapendekera kumpoto n'kumalowa m'mazenera a mbali imeneyo tsiku lonse. Zenera lomwe linali la mthunzi wabwino pa Khirisimasi limatha kukhala ng'anjo mu Julayi, ndipo khonde lomwe linali lotetezeka mu Juni limatha kuwombedwa ndi dzuwa lamasana mu Okutobala. Ngati chomera chawauka koma inu simunachisunthe, dzuwa ndilo lasuntha.

Okutobala ali ndi mavuto akeake. Masana kumafika madigiri 30 kapena kuposa, mpweya ndi wouma gwa, ndipo ndi nthawi yomwe chomera chikungodzuka kumene ndi mizu yanthete. Poto wakuda wapulasitiki akakhala pasimenti yotentha amaphika mizuyo. Mukwezeni pathabwa, kapena mumulowetse m'poto wina wamkulu wowala. Kuli fumbinso. Ife okhala m'mbali mwa misewu yadothi timalidziwa fumbi lofiira la Seputembala ndi Okutobala, lomwe limalowa ngakhale m'kabati yotseka. Likagwera pa ulimbo limamatirira, tsamba n'kuoneka ngati lapakidwa katondo. Musalipukute ndi nsalu, mudzathyola timapini tija ndipo satulukanso patsamba limenelo. Musalitsukenso ndi sopo, chifukwa sopo amawononga masamba a zomera zodya tizirombo. Ingosunthirani poto kumbali yomwe mphepo siwomba, masamba oyera abwera okha.

Chomera chomwe mwangochiwokera kapena changofika paulendo chimathanso kukhala masabata awiri kapena atatu chopanda ulimbo. Pamenepo palibe chochita koma kuchisiya.

M'mphepete mwa masamba mukupsa, padothi pali zoyera

Amenewo ndi madzi. Mizu ya Pinguicula ndi yochepa, yaifupi, yoyera ngati ulusi, ndipo siipirira mchere wochuluka. Madzi a pamjigo ndi a pachitsime nthawi zambiri amakhala ndi mchere wosungunuka wa m'miyala, ngakhale pakamwa asamveke. Mukathira m'kambale, madzi amauma koma mcherewo umatsala, sabata ndi sabata ukuunjikana. Chizindikiro chake ndi chikhungwa choyera pamwamba pa dothi kapena pamlomo wa poto, masamba atsopano kumatuluka aang'ono kuposa am'mbuyo, ndi msonga zouma zofiirira. Mukazula chomeracho mupeza mizu yakuda kapena palibiretu.

Madzi a kumpopi a Lilongwe Water Board amachokera mumtsinje wa Lilongwe, osungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo amathiridwa klorini monga madzi ena onse akumwa. Kuwasiya mundowa usiku kumachepetsa klorini koma sikuchotsa mchere. Kuwawiritsa ndiye kumangowonjezera, chifukwa madzi amachepa mchere n'kutsala womwewo. Amene angathe agule kachida ka TDS koyezera kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi, kooneka ngati cholembera chonenepa. Olima zomera zodya tizirombo amafuna madzi omwe mchere wake supitirira 50 ppm, muyezo womwe kachidako kamaonetsa. Pinguicula za ku Mexico zimapirirako kuposa pamenepo chifukwa zambiri kwawo zimamera pamiyala ya laimu, koma kupirira si kukonda.

Chapafupi ndi madzi a mvula. Chomerachi chimamwa pang'ono, moti zigubu ziwiri za malita 20 zodzazidwa mu Malichi zimakwanira mapoto angapo mpaka mvula ina, makamaka poti theka la nthawiyo chimakhala mtulo. Musatunge a chizimalupsa kapena a mvula yoyamba yeniyeni, chifukwa amenewo amatsuka fumbi, phulusa ndi zitosi za mbalame zomwe zaunjikana pamalata chilimwe chonse. Dikirani denga liyere. Madzi a mvula akatha, madzi osungunulira batire ya galimoto amagwira ntchito, koma werengani botolo bwinobwino kuti ndi madzi okhaokha opanda asidi. Ngati mchere waunjikana kale, tsanulirani madzi a mvula ambiri m'mbali mwa poto kuti atulukire pansi, kapena ingosinthani dothi.

Dothi

Katondo wa pabwalo, dothi lakuda la kudambo, manyowa a nkhuku, kompositi, feteleza wa chimanga: zonsezi ndi imfa kwa Pinguicula. Ndikudziwa kuti n'zovuta kukhulupirira kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti mbewu yofooka imafuna chakudya. Mayi a kunyumba kwanga anathirapo timibulu titatu ta feteleza pa imodzi mwa zanga chifukwa choimvera chisoni, ndipo sabata isanathe inali itapita. Chomerachi chinaphunzira kudya tizirombo chifukwa kwawo dothi lilibe kanthu, ndiye mizu yake siidziwa chochita ndi chonde.

Za ku Mexico zimafuna dothi lamiyalamiyala lolowa mpweya. Amene angapeze timiyala topepuka totchedwa perlite kapena pumice m'masitolo a zamaluwa, asakanize ndi mchenga wokhakhala ndi peat (zinyalala za zomera zakudambo zoolerana) pang'ono. Ine ndimagwiritsa ntchito mchenga wa kumtsinje wosefa kuti patsale wokhakhala wokha, wotsukidwa mpaka madzi atayera, kusakaniza ndi njerwa yootcha yoswedwa tizidutswa ngati mapira, nayonso yotsuka. Njerwayo ikhale yomwe sinakhudzepo simenti. Mukathira madzi pamwamba pa dothi lotere azilowa nthawi yomweyo. Akayamba kudikha, kapena pamwamba pakamera ndere zobiriwira zoterera, dothilo latsekeka.

Musadabwe chomera chikamagwedera kapena kuzuka mosavuta. Ndi mmene chilili, chimangokhala ngati chatsamira padothi. Nthawi yabwino yochiwokera ndi kumapeto kwa tulo take, cha mu Ogasiti, mizu yatsopano isanayambe.

Mabowo, mawanga ndi alendo a usiku

N'zoseketsa kuti chomera chodya tizirombo nachonso chimadyedwa. Mukapeza tsamba labooka kapena ladyedwa m'mphepete ndipo pali kanjira konyezimira, ndi nkhono. Zimabwera ndi mvula, ndipo kakang'ono kamodzi kamatha esseriana yonse usiku umodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa n'kutenga tochi cha m'ma 9 koloko usiku n'kusuzumira pansi pa poto ndi pansi pa kambale. Mbozi zimasiya timibulu takuda.

Masamba atsopano akamatuluka opindikapindika, tembenuzani. Kunsi kwa tsamba kulibe ulimbo pa mitundu yambiri, ndiye nsabwe za zomera ndi kodikodi, uja woyera ngati thonje amene timamudziwa pachinangwa, zimabisala kumeneko ndi pamphako za masamba. Nyerere zikamakwera poto mondondozana, dziwani kuti zikuweta zimenezi. Zichotseni ndi kamtengo kotokosera m'mano kapena kathonje konyowa. Zikakhala zochepa njira imeneyi imakwanira.

Banga lakuda kapena laubweya wa nkhungu pakati pa tsamba nthawi zambiri limakhala chakudya chomwe chakula msinkhu. Pinguicula inapangidwira tinthu tating'ono ngati tintchentche ta pa nthochi yakupsa ndi udzudzu. Ngumbi zikatuluka mvula yoyamba itagwa n'kuunjikana pa getsi la pakhonde, zina zimagwera pamasamba, chomera n'kulephera kuzigaya, ndipo zimaola pamodzi ndi tsambalo. Zichotseni m'mawa. Ana akunyumba auzeni kuti nyama, usipa ndi nsima si zake. Ngati mukufuna kuchidyetsa, ikani khoko la mango pafupi ndi poto tsiku limodzi, tintchentche tibwera tokha.

Mwina ndi mtundu wina

Zonse ndanenazi zimasokonekera ngati chomera chanu ndi cha mtundu wina, choncho dzina lake ndi lofunika. Pinguicula primuliflora ya kumwera chakum'mawa kwa United States imamera m'mphepete mwa timitsinje, siisintha masamba, ndipo imafuna dothi lonyowa chaka chonse. Mukaiumitsa mu Juni mwaipha. Mudzaizindikira ndi masamba ake aatali opapatiza ndi tiana tomera kumsonga kwa masamba akale. Pinguicula gigantea ya ku Oaxaca, ku Mexico komweko, yomwe ili ndi ulimbo mbali zonse ziwiri za tsamba, nayo siipanga kamulu kothithikana kaja, imangochepetsa kukula. Pinguicula gypsicola, ya masamba ngati tizingwe, siichedwa kuola, ndipo ikagona imafuna kuuma kotheratu. Koma Pinguicula vulgaris ya ku Ulaya musavutike nayo. Imafuna miyezi ingapo ya kuzizira kofika pa madzi oundana, zomwe Lilongwe alibe.

Kupulumutsa ndi tsamba limodzi

Ubwino wa za ku Mexico ndi wakuti tsamba limodzi limabala chomera chathunthu. Abwino kwambiri ndi timasamba tonenepa ta nyengo yozizira, ngakhale aulimbo nawonso amatha. Gwirani tsamba lakunja ndi zala ziwiri, likokereni pansi ndi kumbali pang'onopang'ono kuti lichoke lonse ndi kutsinde kwake koyera, pakuti mphukira zimatulukira pamenepo. Likaduka pakati, mwayi wachepa. Ligonekeni chagada pamchenga wonyowa pang'ono, osalikwirira, m'kabakuli koonekera mkati kotsekedwa mosathina, pamalo owala koma osafika dzuwa. Pakatha masabata awiri mpaka anayi mudzaona timatuza tobiriwira kutsinde kuja, kenako timasamba ndi timizu. Tsamba lakalelo lizinyala pamene kamwanako kakuyamwa, ndipo musalichotse mpaka litauma lokha.

Ngati masambawo mwawachotsa pa chomera choola, aikeni motalikirana, ndipo lililonse loyamba kuda kutsinde lichotsedwe tsiku lomwelo lisanapatsire anzake. Ine masiku ano sindidikiranso nthenda. Julayi aliyense ndimathothola timasamba tinayi kapena tisanu pa chomera chilichonse, ngakhale chathanzi, n'kutigoneka m'kabakuli ka majarini pazenera la kukhitchini. Pofika chizimalupsa timakhala tafika kukula ngati khobidi, tayamba kale kugwira tintchentche tawo, ndipo ndimatiwokera m'timapoto tawotawo mvula yeniyeni isanayambe.